Khalidwe la kalulu woweta ndi kutsata kulemera kwake: mafunso ndi mayankho

Awa ndi mafunso amene eni akalulu amabwereza kufunsa, makamaka amene amasunga kalulu wocheza naye pakhomo. Woweta akalulu a nyama apezanso zambiri zomuthandiza. Mafunso oyamba ndi a khalidwe, kenako a sikelo, chakudya ndi matenda.

Kodi kalulu woweta ndi yemweyo wa kutchire?

Ayi. Akalulu onse oweta anachokera ku mtundu umodzi wa ku Ulaya, Oryctolagus cuniculus, umene kwawo kwenikweni ndi ku Spain ndi ku Portugal. Mtunduwu umakumba mauna, umakhala m'magulu, ndipo ana ake amabadwa opanda ubweya, maso ali otseka mpaka pafupifupi tsiku la 10. Kalulu amene agalu amapirikitsa m'dambo kwathu kuno ndi wa gulu lina lotchedwa Lepus. Sakumba una, amayenda yekha, ndipo ana ake amabadwa ndi ubweya, maso akuona kale. Awiriwa saberekerana.

Zambiri zimene kalulu wanu amachita zimachokera pamenepa. Iye ndi nyama yodyedwa ndi zinzake, choncho amabisa ululu ndi kudwala mpaka zinthu zitafika poipa. N'chifukwa chake sikelo ndi manja anu zimagwira matenda msanga kuposa maso.

Amangogona masana onse. Kodi akudwala?

Kalulu amachangamuka mbandakucha ndi madzulo kachisisira. Masana amapuma, nthawi zina maso ali otsegula theka, mphuno itasiya kugwedera. Zimenezi si vuto. Muyeseni ndi tsamba limene amalikonda: wopuma amadzuka n'kulandira. Amene wakhala khuma pakona, msana utapindika, maso atatsinzina, n'kukana tsambalo, onani funso la kalulu amene wasiya kudya.

Kumenya pansi ndi miyendo yam'mbuyo kumatanthauza chiyani?

Ndi chenjezo. Kutchire phokosolo limamveka pansi pa nthaka n'kudziwitsa anzake a mu una kuti kunja kwaipa. Pakhomo angachite zimenezi akamva fungo la galu, mphaka kapena utsi, ngakhale inu musakuona kanthu. Akamamenya usiku uliwonse, zungulirani khola ndi tochi, chifukwa makoswe, njoka ndi linthumbu zimabwera nthawi imeneyo. Ena amamenya kamodzi chabe posonyeza kuipidwa, mwachitsanzo mukangowabwezera m'khola.

Nanga kudumpha modzipotokola, kapena kudzigwetsa cham'mbali ngati wafa?

Zonsezi ndi zabwino. Kalulu wokondwa amathamanga, n'kulumpha m'mwamba akupotokola mutu ndi thupi. Kudzigwetsa cham'mbali miyendo ili tambalale kumasonyeza kuti sakuopa chilichonse pamalopo. Chofunika kuchisunga m'mutu ndi kuchuluka kwake: kalulu amene ankanjanja madzulo aliwonse ndiye wasiya, kawirikawiri wanenepa, kapena msana ndi mfundo zikumupweteka.

Amakhuza chibwano pa zinthu, amandinyambita, amandizungulira miyendo. Akufuna chiyani?

Pansi pa chibwano pali tiziwalo totulutsa fungo limene munthu salimva. Akakhuza chibwano pa mbale kapena pa nsapato yanu, akuika chizindikiro chakuti ndi zake. Kunyambita ndi mmene akalulu ogwirizana amasamalirana, ndiye kuti wakulandirani. Akalowetsa mutu pansi pa dzanja lanu n'kuugoneka pansi, akupempha kuti mumusisite pamphumi. Kuzungulira miyendo akulira motsitsa ndi chilakolako cha kukwera, ndipo nthawi zambiri kumayendera limodzi ndi kuwaza mkodzo. Kumayamba akatha msinkhu, pa miyezi 3 mpaka 4 kwa mitundu ing'onoing'ono, mochedwerapo kwa ikuluikulu.

Kodi kukukuta mano ndi chimwemwe kapena ululu?

Kulipo kwa mitundu iwiri, ndipo kusokoneza awiriwa kwaphetsa akalulu ambiri. Kukukuta kwapansipansi, kofulumira, kumene mumakumva ndi dzanja pamene mukumusisita iye ali phee, ndi kukhutira. Kukukuta kwamphamvu, kwapang'onopang'ono, komveka muli chapatali, kalulu atadzipinda, ndi ululu waukulu, nthawi zambiri wa m'mimba kapena wa mano. Kalulu salira wamba. Akakuwa mokweza ndiye kuti ali pa mantha a imfa kapena wavulala kwambiri.

Amandiluma ndikafuna kumunyamula. Ndichite bwanji?

Kwa kalulu, kuchotsedwa pansi ndi zimene zimachitika akagwidwa ndi kabawi, motero ambiri sazolowera n'komwe. Chepetsani kumunyamula. Khalani pansi, mulole abwere yekha, ndipo dzanja lizifika chakumbali. Maso ake amaona pafupifupi mbali zonse koma kutsogolo kwenikweni kwa mphuno saonako, ndiye dzanja lobwera molunjika pamenepo limamudzidzimutsa. Yaikazi yosachotsedwa chiberekero imateteza khola lake mwaukali: itulutseni kaye musanasese.

Pomunyamula, dzanja limodzi likhale pansi pa chifuwa, lina lichirikize matako, ndipo mumugunditse pathupi panu. Kunyamulira makutu, ngakhale kuli kofala m'misika, kumapweteka ndi kuwononga makutuwo. Mafupa a kalulu ndi opepuka, pafupifupi 8 peresenti ya kulemera kwa thupi lake, pamene minofu ya miyendo yam'mbuyo ndi yamphamvu. Akaphiriphitha matako ali lende angathyoke msana. Musamugonekenso chagada poganiza kuti akusangalala chifukwa wangoti zii. Kumeneko ndi kuuma ndi mantha.

Kalulu wofatsa amene wayamba kuluma mwadzidzidzi, muganizireni ululu poyamba, osati mwano.

Ndamuona akudya ndowe zake. Kodi ndimuletse?

Musamuletse. Kalulu amatulutsa ndowe za mitundu iwiri. Zoyamba ndi timibulu touma tozungulira timene mumasesa, tokwana 200 mpaka 300 patsiku. Zachiwiri ndi zofewa, zonyezimira, zomatirirana pamodzi, za fungo lamphamvu. Zimenezi zimapangidwa m'thumba lalikulu la m'matumbo mmene tizilombo tothandiza timagaya udzu, ndipo zili ndi mapuloteni ndi mavitamini B ndi K. Amazidya zikungotuluka, pozyolikitsa mutu pakati pa miyendo, kotero kuti mwini wake sayenera kuziona kawirikawiri.

Mukamazipeza zambiri pansi kapena zitamatirira kumatako, si kutsegula m'mimba ayi. Pali zifukwa zitatu zofala: akudya zonona zambiri moti sakuzifunanso, wanenepa moti sakufikira, kapena msana ndi mano zikumupweteka. Ndowe zoumazo muziziyang'ananso tsiku lililonse. Zikayamba kuchepa, kukhala zing'onozing'ono ndi zakuda, udzu wachepa m'mimba. Zikalumikizana ndi ubweya, akumeza ubweya wambiri pa nthawi yoyoyoka: mupeseni tsiku ndi tsiku ndipo muwonjezere udzu ndi madzi.

Kodi kalulu wamkulu ayenera kulemera bwanji?

Zimatengera mtundu. Netherland Dwarf amalemera pafupifupi kilogalamu imodzi, Dutch makilogalamu 2 mpaka 2.5, Californian 3.5 mpaka 4.5, New Zealand White 4 mpaka 5.5, ndipo Flemish Giant amapitirira 6. Koma akalulu ambiri a m'makomo ndi osakanizika, ndipo tebulo la mitundu silingakuuzeni zambiri za iwo. Kalulu wa makilogalamu 3 angakhale wowonda kapena wonenepa kwambiri, malinga ndi mafupa ake.

Njira yodalirika ndi iyi: mupimeni ndi manja monga tafotokozera m'munsimu, ndipo tsiku limene mwapeza kuti thupi lili bwino, muikeni pasikelo. Nambala imeneyo ndiyo kulemera kwake koyenera, ndipo zoyeza zonse zam'tsogolo muzizifanizira ndi iyo. Mitundu ing'onoing'ono imamaliza kukula pa miyezi 6 kapena 7, pamene ikuluikulu imapitirira chaka, choncho musakhazikitse nambalayi kalulu akadakula.

Ndingamuyeze bwanji pasikelo iye wosakhazikika?

Sikelo yabwino ndi ya digito ya kukhitchini, yofika makilogalamu 5 kapena 10, yowerenga magalamu. Iikeni pansi pa simenti yosalala, osati patebulo, kuti akalumpha asagwe kuchokera pamwamba, komanso osati pamkeka kapena pakapeti chifukwa nambala imasokonekera. Ikani beseni lakuya kapena katoni pasikelopo, muyale kansalu mkati kuti asaterereke, ndipo dinani batani lobwezera nambala pa ziro. Kenako muikeni kalulu matako atatsogola, muphimbe maso ake pang'ono ndi dzanja mpaka adekhe, chotsani dzanja, dikirani nambala iime. Yezani kawiri. Zikasiyana ndi magalamu oposa 20, onani ngati beseni silikugunda pansi kapena pakhoma.

Sikelo yolendewera imagwiranso ntchito: muikeni m'chikwama cholimba chokhala ndi pansi potambalala, ndipo muchotsere kulemera kwa chikwamacho. Sikelo yoyezera anthu, pamene mumadziyeza muli naye kenako muli nokha, ndi yongoyerekeza. Zambiri zimadumpha magalamu 100 kapena kuposa, ndipo kwa kalulu wa kilogalamu imodzi magalamu 100 ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a thupi lake.

Gwiritsani sikelo imodzimodzi, nthawi imodzimodzi, makamaka m'mawa musanamupatse mapeleti (chakudya chogula cha akalulu chooneka ngati timibulu) ndi masamba. Mimba ya kalulu imanyamula chakudya chambiri, moti kuyeza lero asanadye, sabata yamawa atakhuta, kumapereka kusiyana kwabodza.

Ndiziyeza kangati, ndipo ndi kusintha kotani kumene kuyenera kundidetsa nkhawa?

Wamkulu wathanzi, kamodzi pa sabata kapena pa masabata awiri. Wokalamba, wopitirira zaka 6, sabata iliyonse. Wodwala kapena wochira, tsiku lililonse. Lembani m'kope kapena m'foni: tsiku, magalamu, ndi mawu ochepa a zimene mwaona, monga "wasiya udzu wouma", "ndowe zing'onozing'ono", "tasintha mapeleti". Mawu amenewa ndi amene amadzapatsa nambala tanthauzo.

Kukwera ndi kutsika kwa magalamu ochepa si kanthu. Chofunika ndi kumene nambala zikulowera. Kutsika katatu kotsatizana, ngakhale pang'onopang'ono, kufufuzidwe. Kutaya 5 peresenti popanda chifukwa chodziwika ndi chenjezo, ndipo 10 peresenti ndi nkhani ya dokotala wa ziweto mosazengereza. Kwa kalulu wa makilogalamu 2.4, 5 peresenti ndi magalamu 120, ndipo 10 peresenti ndi magalamu 240. Ndi maso simungaone magalamu 120 atachoka pansi pa ubweya wonse uja.

Ndingadziwe bwanji ndi manja ngati wanenepa kapena wawonda?

Pimani malo atatu: nthiti kuseri kwa miyendo yakutsogolo, fupa la msana, ndi mafupa a m'chiuno. Lowetsani zala mu ubweya mpaka zifike pakhungu, osakanikiza kwambiri. Dzanja lanu lomwe likuthandizani kuyerekeza. Litambasuleni n'kusisita mafupa a kumbuyo kwake: mukuwamva koma akutidwa, ndipo umu ndi mmene nthiti za kalulu wathanzi zimamvekera. Fumbatani chibakera n'kusisita mfundo za zala: akuthwa choncho ndi kalulu wowonda. Tembenuzani n'kusisita chikhatho: ngati muyenera kukanikiza kuti mupeze fupa, wanenepa.

Madokotala ambiri amagwiritsa ntchito muyeso wa 1 mpaka 5, monga wa Rabbit Size-O-Meter umene unakonzedwa ku Britain. Pa 1 mafupa ali akuthwa, matako atalowa mkati, ndipo kalulu watsika ndi 20 peresenti kapena kuposa. Pa 3, pamene tikufuna, nthiti, msana ndi chiuno zimamveka mosavuta koma zili zobulungira, matako ali osalala ndipo mimba sinalendewere. Pa 5 nthiti sizipezeka, matako atukuka, mimba ikukhudza pansi, ndipo pamapewa ndi pamchira pali mapindi a mafuta.

Sikelo ndi manja ziziyendera limodzi. Kalulu wokhala ndi chotupa, madzi m'mimba kapena bere angalemere chimodzimodzi kapena kuposa kale pamene msana ukuthwa. Wa ubweya wautali, monga Angora, angaoneke wodzadza ali mafupa okhaokha.

Chikopa cholendewera pansi pa chibwano, kodi ndi kunenepa?

Kwa yaikazi yaikulu, makamaka ya mitundu ikuluikulu, n'chachibadwa, ndipo ndi pamene imazula ubweya wokonzera chisa. Chimakhala vuto chikakula moti chikulowa m'mbale ya madzi kapena kulepheretsa kalulu kudzinyambita. Khungu la pansi pake likamakhala lonyowa limachita zilonda, choncho muzilitukula n'kuyang'ana. Yamphongo ikakhala nacho chachikulu, nthawi zambiri yanenepa.

Ndimupatse chakudya chochuluka bwanji patsiku?

Udzu ndiwo chakudya, zina zonse ndi zowonjezera. Ukhale pafupifupi 85 peresenti ya zimene amadya: mulu wa udzu wouma wofanana ndi thupi lake tsiku lililonse, kapena udzu wauwisi wochuluka, ndipo usamathe m'khola usana ndi usiku. Masamba akhale chodzadza dzanja m'mawa ndi china madzulo, a mitundu ingapo. Mapeleti a akalulu asapitirire magalamu 25 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera koyenera, ndipo kalulu wongokhala pakhomo amene amadya udzu bwino amakwana ndi ocheperapo. Yezani magalamuwo pasikelo kamodzi, muthire m'kapu, mulembe mzere, basi muzithira kufika pamzerewo. Kuthira ndi maso kumawonjezereka kokha miyezi ikamapita.

Chifukwa cha udzu si mimba yokha. Mano onse 28 a kalulu amakula moyo wake wonse, akutsogolo pafupifupi mamilimita 2 pa sabata, ndipo amaperesedwa ndi kutafuna kwa cham'mbali kumene udzu umafuna. Mapeleti amangophwanyika, saperesa mano.

Madzi asasowe. Kalulu amamwa mamililita 50 mpaka 150 pa kilogalamu patsiku, ndipo ambiri amamwa bwino m'mbale yolemera yosagubuduka kuposa m'botolo. Zoti kalulu samwa madzi ndi zabodza, ndipo zimapha akalulu ambiri m'nyengo yotentha.

Ndi masamba ati a pakhomo amene ndi abwino, ndipo oopsa ndi ati?

Abwino ndi udzu wa kapinga, nsenjere yanthete, chisoso, masamba a mbatata, a mabulosi, a nthochi, a karoti, ndi masamba a mtedza owumitsa bwino opanda nkhungu. Kabichi, repu, mpiru ndi bonongwe zikhale zochepa ndi zosinthasintha. Lukina ali ndi mankhwala achilengedwe amene amathothola ubweya akachuluka, choncho akhale kagawo kochepa chabe.

Musapereke mapeyala ndi masamba ake, masamba a mbatatesi ndi a matimati, anyezi, adyo, nsatsi, lantana, kapena chigwada chauwisi. Pewani udzu wa m'mbali mwa msewu, wa m'munda wopoperedwa mankhwala, ndi wodulidwa ndi makina otchetchera, umene umayamba kusasa msanga. Masamba othyoledwa ndi mame kapena mvula muwayanike pamthunzi afote pang'ono, osawaunjika m'thumba mpaka atenthe. Tsamba lachilendo liyambe pang'ono, limodzi panthawi, mukuyang'ana ndowe kwa masiku awiri kapena atatu.

Nanga madeya, chimanga, mkute, buledi ndi karoti?

Izi ndi zimene zimanenepetsa akalulu ambiri a pakhomo. Madeya amathandiza woweta amene akufuna kalulu afike msanga pa msinkhu wogulitsa, koma kalulu woti akhale zaka 8 mpaka 12 sangadye ngati wa miyezi inayi ya moyo. Ngati mapeleti sakupezeka, madeya akhale ochepa kwambiri, supuni imodzi kapena ziwiri, ndipo mphamvu muike pa udzu ndi masamba osiyanasiyana. Chimanga chamaso chili ndi khungu losagayika limene lingatseke matumbo. Mkute, buledi ndi mabisiketi zimasokoneza tizilombo ta m'matumbo tija. Karoti, nthochi, papaya ndi mango zili ndi shuga wambiri: kachidutswa kamodzi kakang'ono, kawiri kapena katatu pa sabata.

Chakudya chosakaniza cha mbewu ndi tizidutswa ta mitundumitundu chimene chimagulitsidwa m'masitolo ena n'choipanso, chifukwa kalulu amasankhamo zotsekemera n'kusiya zofunika.

Kunenepa kuli ndi vuto lanji ngati akuoneka wosangalala?

Vuto loyamba limaonekera kumatako. Wonenepa safikira ndowe zofewa zija, zimamatirira pa ubweya, ntchentche zimaikira mazira, ndipo pasanathe tsiku limodzi mphutsi zimayamba kudya mnofu. Kalulu angafe ndi zimenezi m'masiku ochepa kwambiri. M'nyengo ya mvula ndi yotentha muzimuyang'ana pansi pa mchira kawiri patsiku. Mukapeza mphutsi, chotsani zooneka ndipo pitani kwa dokotala nthawi yomweyo.

Kalulu alibe tiziphuphu tofewa kumapazi monga galu, amapondera ubweya wokha. Thupi likalemera, makamaka pa waya kapena pansi ponyowa, ubweya wa kuzidendene umatha ndipo pamabuka zilonda zovuta kupola. Palinso nyamakazi, kulephera kupirira kutentha, matope a kashiamu m'chikhodzodzo chifukwa chosayenda, ndi chiwindi chodzadza mafuta. Yaikazi yonenepa imavutikanso kutenga bere.

Ndingamuchepetse thupi bwanji popanda kumuvulaza?

Osamumana chakudya ngakhale tsiku limodzi. Kalulu wonenepa akakhala ndi njala, mafuta amathamangira kuchiwindi n'kuchiwononga, ndipo matumbo amaima. Udzu ukhalepo nthawi zonse. Chotsani kaye zipatso, karoti ndi madeya. Kenako tsitsani mapeleti pang'onopang'ono kwa masabata awiri kapena atatu, mukuwerengera pa kulemera kumene mukufuna, osati kumene ali nako. Kalulu wa makilogalamu 3 amene ayenera kukhala 2.5 asapitirire magalamu 60 patsiku, ndipo nambala ikapanda kusuntha mutsitsenso.

Atsike ndi 1 mpaka 2 peresenti pa sabata, osaposa. Kwa kalulu wa makilogalamu 3, ndi magalamu 30 mpaka 60, ndiye kuti theka la kilogalamu litenga miyezi iwiri mpaka inayi. Akatsika mofulumira kuposa apo, bwezeraniko chakudya pang'ono. Onetsetsani kuti akudyadi udzu: amene anazolowera mapeleti angaukane poyamba, ndipo ngati mano ali olakwika sangathe n'komwe kuutafuna.

Kuyenda n'kofunika mofanana. Bungwe la Rabbit Welfare Association and Fund la ku Britain limalangiza malo osachepera mamita 3 m'litali, 2 m'lifupi ndi mita imodzi kupita m'mwamba kwa akalulu awiri. Makola ambiri a matabwa ndi waya safika ngakhale theka la pamenepo, choncho mumutsegulire pamalo otchingidwa bwino mbandakucha ndi madzulo. Mapeleti muziwamwaza mu udzu m'malo mothira m'mbale, ndipo muikemo makatoni a makomo awiri obisalamo ndi bokosi la dothi lokumbamo.

Akudya koma akuwonda. Chingakhale chiyani?

Yambani ndi mano. Kalulu wa mano olakwika amathamangira chakudya, n'kutola, n'kugwetsa. Amasiya udzu wouma n'kusankha zofewa, chibwano chimanyowa ndi dovu, maso amalengeza misozi, ndipo m'munsi mwa nsagwada mungamveke timabampu. Mano akutsogolo mungawaone potukula milomo, koma am'kati, amene amamera minga yocheka lilime ndi masaya, amaoneka ndi chipangizo cha dokotala chokha. Musadule mano ndi chowengera zikhadabo kapena pulayala, chifukwa dzino limang'ambika mpaka kumuzu n'kuchita mafinya.

Kwa ana ongoletsedwa kuyamwa, chofala ndi coccidiosis, matenda a tizilombo ta m'matumbo, makamaka m'khola lonyowa: mimba imatupa, msana ukuwonda, nthawi zina ndi kutsegula m'mimba. Kwa okalamba, ganizirani impso, makamaka akamamwa ndi kukodza kwambiri. Yaikazi yopitirira zaka 3 kapena 4 yosachotsedwa chiberekero imadwala kawirikawiri khansa ya chiberekero, ndipo chizindikiro china ndi magazi mu mkodzo. Mkodzo wofiirira wokha si umboni, popeza masamba ena amaupatsa mtundu umenewo. Nkhanambo zokhuthala m'makutu ndi tizilombo ta mphere, ndipo kuyabwa kwake kumamuwondetsanso. Musazikanganule, zimagwa zokha mankhwala akagwira.

Wasiya kudya ndipo ndowe sizikutuluka. Ndidikire mpaka liti?

Musadikire. Maola 12 opanda kudya kapena opanda ndowe ndi ngozi, ndipo ngati akukukuta mano kapena makutu azizira, musafikitse n'komwe pamenepo. Matumbo a kalulu amayenera kuyenda nthawi zonse. Akaima, mpweya umadzadza, ululu umamuletsa kudya, ndipo kusadyako kumawonjezera kuimako. Chimayambitsa chingakhale mano, mantha, kutentha, kusintha chakudya mwadzidzidzi kapena kuchepa kwa udzu.

Pamene mukukonzekera ulendo wa kwa dokotala, muikeni pamalo abata, mumufunditse ngati wazizira, muike madzi ndi masamba onyowa amene amawakonda pafupi ndi pakamwa. Gwirani mimba mofatsa. Ikakhala yotupa ndi yolimba, musamukakamize chakudya, chifukwa mwina matumbo atsekeka ndipo kalulu satha kusanza. Kutentha kwa thupi lake kumakhala madigiri 38.5 mpaka 40, ndipo kutsika pansi pa 38 ndi chizindikiro choipa.

Kodi kutentha kumakhudza kadyedwe ndi kulemera?

Kwambiri. Kalulu satuluka thukuta, amataya kutentha kudzera m'makutu, ndipo amakhala bwino pa madigiri 10 mpaka 20. Kukafika 28 kapena 30 amadya pang'ono, amagona chotambalala, ndipo m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala sikelo ingatsike pang'ono. Khola la malata loima padzuwa, makamaka kunyanja ndi kuchigwa cha Shire, lingamuphe masana amodzi. Liikeni pamthunzi podutsa mphepo, mufolere udzu pamwamba pa malata, mupachike chiguduli chonyowa mbali imodzi, ndipo chakudya chambiri muzipereka madzulo. Botolo la madzi oundana lokulungidwa m'nsalu limathandiza. Akamapuma ndi pakamwa, mutu atakweza, nyowetsani makutu ndi madzi ozizirirapo, osati a ayisi, osamumiza m'madzi, ndipo funani thandizo msanga.

Nanga ana a kalulu, ndiwayeze? Mayi wawo sakuoneka akuyamwitsa.

Mayi amayamwitsa kamodzi kapena kawiri patsiku, kwa mphindi zochepa, nthawi zambiri usiku, ndiye kusamuona m'chisa si umboni woti wawataya. Yang'anani mimba zawo m'mawa: okhuta ali ndi mimba yobulungira ndi khungu losalala, anjala ali ndi makwinya ndipo amazizira. Mungawayeze mwachangu tsiku lililonse pa masabata awiri oyamba, manja ali oyera ndi ofunda. Aliyense azikwera tsiku ndi tsiku, ndipo amene waima masiku awiri mumuyamwitse payekha kwa mayi. Asachoke kwa mayi asanakwane masabata 6 mpaka 8. Kalulu amene akukula asachepetsedwe chakudya monga wamkulu mpaka atayandikira kumaliza kukula.

Kodi kufula kumanenepetsa? Ndipo ayenera kukhala ndi mnzake?

Wofulidwa amafuna chakudya chocheperapo, choncho muyezeni sabata iliyonse kwa miyezi ingapo ndi kutsitsa mapeleti nambala ikayamba kukwera. Ubwino wake ndi waukulu: kuwaza mkodzo ndi ndewu zimachepa, ndipo yaikazi imapewa khansa ija. Yamphongo imatha kuperekabe bere mpaka masabata 6 itafulidwa. Asanachitidwe opaleshoni kalulu samanidwa chakudya, mosiyana ndi galu.

Kalulu wokhala yekha amasungulumwa, ndipo ena amangodya ndi kugona. Awiri amene amagwirizana bwino ndi yamphongo ndi yaikazi zonse zofulidwa, zodziwanitsidwa pang'onopang'ono pamalo achilendo kwa onse. Mbira si mnzake woyenera: zimafuna chakudya chosiyana, ndipo kalulu angaivulaze kapena kuipatsira matenda a m'mapapo. Mukakhala ndi awiri, wina akunenepa wina akuwonda, apatseni mapeleti payekhapayekha kwa mphindi zochepa, udzu ndi madzi muike malo awiri, ndipo wowondayo mumupime mano.

Ndi mankhwala ati amene sayenera kupatsidwa kalulu, ndipo nditenge chiyani popita kwa dokotala?

Amoxicillin, penicillin wakumwa, clindamycin ndi lincomycin amapha tizilombo tothandiza ta m'matumbo ndipo kalulu amafa ndi kutsegula m'mimba. Mankhwala a utitiri a agalu okhala ndi fipronil, monga Frontline, ndi poizoni kwa iye. Choncho musamupatse mankhwala otsala a anthu, a agalu kapena a nkhuku popanda kufunsa. Amene ali ku Britain azibayitsa katemera wa myxomatosis ndi RHD, matenda awiri oopsa a akalulu oyambitsidwa ndi mavairasi, chaka chilichonse. RHD inafika ku South Africa chakumapeto kwa 2022, imapha mwadzidzidzi ngakhale kalulu wonenepa bwino, ndipo imayenda pa nsapato, zovala ndi udzu. Kalulu watsopano aliyense akhale payekha masabata osachepera awiri asanakumane ndi anzake.

Popita kwa dokotala kapena kwa alangizi a ziweto, tengani kope la kulemera, ndowe za tsikulo m'kapepala ka pulasitiki, chitsanzo cha mapeleti ndi udzu umene amadya, ndi dzina la mankhwala aliwonse amene walandira. Nenani ola limene anadya komaliza ndi limene munaona ndowe komaliza. Mumunyamule m'bokosi lolowa mpweya lokhala ndi udzu pansi, ndipo ngati ali ndi mnzake wogwirizana naye, apite limodzi, chifukwa wobwerako yekha ndi fungo lachilendo nthawi zina amakamenyedwa ndi wotsalayo.